Makina amasewero akumeza makobidi osapereka credit, ena akulipira molakwika: vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi makina awiri amasewero. Oyamba ndi akale, okhala ndi bolodi (ubongo wa makinawo) yotsata dongosolo la mawaya lotchedwa JAMMA. Munthu akaponya khobidi, nthawi zina limalowa koma credit, ndiye kuti mwayi wosewera, osabwera, nthawi zina khobidi limodzi limabereka ma credit awiri kapena atatu. Achiwiri ndi olipira matokeni kwa wopambana, koma masiku ano akumalipira moperewera kapena mopitirira, kenaka n'kulemba kuti hopper error. Kodi ndigule coin mech (cholandirira makobidi) ndi hopper (cholipirira matokeni) zatsopano?

Yankho: Bambo, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Pa zizindikiro mwafotokozazi, zipangizo zikuluzikulu nthawi zambiri zimakhala zilibe mlandu. Wolakwa amakhala swichi yotha, waya wa ground wokhwefuka, kapena fumbi pa kadiso ka sensa. Kumangirira mech yatsopano pa mawaya odwala omwewo ndi kutungira madzi m'dengu.

Tiyambe ndi makina oyambawo, ndipo titsate ulendo wa khobidi. Likalowa pa kabowo limagwera mu coin mech, imene imaliyesa kukula, kuchindikala, kulemera ndi mtundu wa chitsulo chake. Likavomerezedwa limatsika njira yopita ku bokosi la ndalama, ndipo panjirapo limakankha kawaya kopyapyala ka swichi. Swichiyo imagunditsa waya wa coin, wouza bolodi za khobidi, ndi ground, waya wa 0V, kwa kanthawi kochepa kwambiri. Bolodi ikamva kuti waya uja watsika kuchoka pa 5V kufika pa 0V n'kukweranso, imati khobidi limodzi lalowa. Bolodi siiona ndalama ayi, imangomva kutsika ndi kukwera kumeneku basi. Ikatero imayang'ana lamulo limene inapatsidwa, loti makobidi angati ndiwo credit imodzi, n'kulemba pa sikirini.

Musanalowetse dzanja m'kati, chenjezo limodzi. Ngati sikirini yake ndi ya CRT, ya chubu ngati TV zakale zija, chubu chake chimagwira ntchito ndi magetsi ofika cha m'ma 20,000V, ndipo chimawasungabe ngakhale mutazula pulagi kukhoma. Ntchito yathu yonse ili pa chitseko cha makobidi ndi pa bolodi. Waya wonenepa uja wolowa pa kachipewa ka labala pamsana pa chubu musamuyandikire n'komwe.

Mayeso oyamba amagawa vuto pakati, ndipo safuna chida chilichonse. Tsegulani chitseko cha makobidi makina ali oyaka, zulani mawaya awiri a pa swichi ya coin, ndipo mugunditse nsonga zawo mwachangu, kamodzi. Bwerezani kakhumi. Ngati kugunditsa kulikonse kukupereka credit, ndiye kuti bolodi ndi mawaya ake zili bwino, vuto lili pa chitseko pomwepo. Ngati palibe chikuchitika, pitani kumene mawaya amalumikizana ndi bolodi. Dongosolo la JAMMA, limene linakhazikitsidwa ku Japan mu 1985, lili ndi mapini 56, mbali iliyonse 28. Coin yoyamba ili pa pini 16 kumbali yokhala ndi zipangizo, yachiwiri pa pini T kumbali ya solder. Ground ili pa 1, 2, 27 ndi 28. Tengani kawaya kafupi mugunditse 16 ndi 27 kapena 28. Ndikunena mapini akumapeto amenewa dala, chifukwa 1 ndi 2 ali pafupi ndi 3 ndi 4 a 5V, komanso 6 wa 12V, ndipo dzanja likaterereka 12V n'kulowa pa waya wa coin, chip yolandira ma input imapsa pomwepo. Credit ikabwera pa pini koma osabwera ku chitseko, waya waduka pakati, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi pamene mtolo wa mawaya umapindika chitseko chikamatsekulidwa. Pamenepo waya amaduka m'kati, chikutiro chake chikuoneka chabwinobwino. Mukokeni pang'ono: wodukayo amatamuka ngati labala.

Bolodi zambiri zili ndi test menu, imene imatsekulidwa ndi batani lolumikizidwa pa pini 15. Mu input test mumaona COIN 1 ikusintha pamene mwakankha swichi. Kumeneku ndi kuona ndi maso zimene bolodi ikumva, choncho ngati menu ilipo igwiritseni ntchito.

Tsopano tengani multimeter, chida choyezera magetsi. Waya wakuda pa ground, wofiira pa waya wa coin. Popanda khobidi muyenera kuwerenga pafupifupi 5V. Mukapeza 0V nthawi zonse, pali chimene chagwirizira wayayo pansi: swichi yakanirira, waya wapanidwa pa chitsulo cha chitseko, kapena wina anamulowetsa pa mwendo wolakwika. Swichi ili ndi miyendo itatu, COM, NO ndi NC: COM imagundana ndi NO swichi ikakankhidwa, ndipo imagundana ndi NC ikakhala yosakankhidwa. Ground imapita pa COM, waya wa coin pa NO. Akamuika pa NC, bolodi imaona ngati khobidi lakakamira panjira mpaka kalekale. Bolodi ina imalemba coin error, ina imangokhala chete. Mukapeza nambala yapakatikati, monga 2V yoyendayenda, ganizirani za chinyezi ndi dzimbiri pa malo olumikizira, kapena resistor yokokera wayayo ku 5V pa bolodi.

Pa swichi pomwepa ndi pamene ndikukayikira kwambiri, chifukwa swichi yotha imachita zonse ziwiri mwanenazo. Zimitsani makina, ikani multimeter pa ohm, gwirani COM ndi NO, kankhani kawaya kaja pang'onopang'ono. Swichi yamoyo imalira kuti thi, nambala n'kugwa kamodzin'kamodzi kufika pansi pa 1 ohm n'kukhazikika. Yotha imavina: 3, 40, 12, kenaka n'kutseguka, n'kutsekanso. Kuvina kumeneku bolodi ina imakuwerenga ngati makobidi awiri kapena atatu, ina imakutaya ngati phokoso chabe n'kusapereka kanthu. Swichi yotere musavutike ndi kuitsuka, ingosinthani, ndi chinthu chotsika mtengo kuposa china chilichonse m'makinamo.

Yang'anitsitsaninso kawaya kokankhidwa ndi khobidi kaja. Kamalowa m'kampata kopindika ka njira ya khobidi, ndipo kayenera kuyenda momasuka osakhula m'mbali. Kakapindikira kunja, khobidi limangokapsopsona n'kudutsa swichi isanalire. Kakalimba kwambiri, khobidi limatsakamira pamenepo mpaka lina libwere kudzalikankha, ndiye awiri alowa koma credit imodzi. Kakafooka, kamanjanja pobwerera n'kugunditsa swichi kachiwiri. Kapindeni pang'onopang'ono mpaka swichi izilira khobidi lili cha pakati pa ulendo wake, osati poyambirira kapena pothera penipeni. Mukatero ponyani makobidi 20 motsatizana ndipo muwerenge. Ochepera pamenepo sakuuzani zoona pa vuto lobwera mwa apo ndi apo.

Waya wa ground ku chitseko amayenda ngati unyolo, kuchoka pa swichi ina kupita pa inzake, kudzera pa timapulagi tolowetsa. Kamodzi kakakhwefuka, zonse za kutsogolo kwake zimafa kapena zimagwira ntchito pokhapokha chitseko chikagwedezeka. Kokani kalikonse ndi zala. Kotuluka mosavuta kafinyeni kuti kalume zolimba.

Ngati vuto ndi loti makobidi abwinobwino akubwezedwa, apo ndiye mech ili ndi mlandu, koma kawirikawiri mlandu wake ndi litsiro. Mech ya mtundu wakale, yopanda magetsi, imazuka mosavuta. M'kati muli kachikuta kolandira khobidi, kamene kayenera kupendekeka kokha ndi kulemera kwa khobidilo, ndiye pali maginito amene amachepetsa liwiro la khobidi molingana ndi chitsulo chake kuti ligwere polowera poyenera. Pa maginitopo mumapeza tizitsulo tonse timene tinalowa m'makina: timawaya tomangira mapepala, tinyenyeswa, zidutswa za mapini. Chotsani. Tsukani mech yonse ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale, iume bwinobwino, n'kuibwezera. Mafuta ayi, a mtundu uliwonse. Amayenda bwino sabata imodzi, kenaka amakoka fumbi n'kusanduka phula, makobidi n'kumakanirira kuposa kale. Onaninso kuti makina aima chilili, chifukwa mech yotere imadalira kugwa kwa khobidi, ndipo kupendekeka pang'ono chabe kumasintha njira yake. Sipulingi ya batani lobwezera ndalama ikafooka, kachitseko ka mech sikatsekeka kwathunthu ndipo khobidi lililonse limathawira kobwezera. Makina ena alinso ndi lockout coil, pa pini 9 ndi K, yotchinga njira pamene makina sakuyenera kulandira ndalama. Ikafa kapena magetsi osaifika, imakana chilichonse.

Mech yamagetsi ili ndi nkhani yakeyake. Imadya 12V. Ina imafanizira khobidi lolowa ndi lachitsanzo limene mumalipanikiza m'kachipanda kake. Lachitsanzolo likhale lotha pang'ono ngati amene anthu amayenda nawo, osati lonyezimira latsopano, ndipo likhale pamalo pake ndendende. Ina, monga CH-926, imaphunzitsidwa mitundu ya makobidi mpaka 6, ndipo poiphunzitsa muponyemo makobidi osiyanasiyana a mtundu umodziwo okwana 20, akale ndi atsopano, osati limodzi lomwelo kubwereza. Pa mech zotere pali tiswichi tiwiri timene timasokoneza anthu ambiri. Koyamba ndi ka NO ndi NC, ndipo pa JAMMA kakhale pa NO. Kachiwiri ndi ka kutalika kwa pulse, kutsika ndi kukwera kwa magetsi a pa waya wa coin kuja, kuyambira pa yachangu ya cha m'ma 20 ms kufika pa yochedwa ya 100 ms. Bolodi zakale zambiri zimasuzumira ma input kamodzi pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti pafupifupi ka 60 pa sekondi, kapena ms 16 ndi kanthu pakati pa kusuzumira kuwiri, ndipo zina zimafuna kuona swichi yotsekeka kangapo motsatizana zisanakhulupirire. Pulse yachangu imatha kudutsa bolodi isanakhutire. Ikani pa 50 ms kapena 100 ms. Onaninso chiwerengero cha ma pulse chimene khobidi lililonse linapatsidwa pophunzitsa. Ngati ndi 2, khobidi lililonse liziwerengedwa ngati makobidi awiri mosaphonya, ndipo limenelo si vuto la magetsi konse. Mech ikamadya magetsi kuchokera ku power supply ina, ground yake ilumikizidwe ndi ya bolodi, apo ayi pulse ilibe poyezera. Ndipo musanalumikize mech yachilendo pa pini 16, yezani waya wake wa coin kuti mutsimikize kuti sakutulutsa 12V.

Pali wokayikiridwa wina amene ambiri samuganizira: mita yowerenga makobidi, kabokosi ka manambala kaja kolira kuti kha khobidi likalowa. Imalumikizidwa pa pini 8, yachiwiri pa J. M'kati mwake muli coil, ndipo coil iliyonse ikazimitsidwa imabweza magetsi amphamvu chammbuyo. N'chifukwa chake pa miyendo yake pamayenera kukhala diode, 1N4004 kapena 1N4007, mzere wake utaloza ku mbali ya magetsi olowa. Diode ikasowa kapena ikaduka, kubweza kuja kumalumphira pa waya wa coin woyandikana naye n'kubala credit yabodza, kapena kuyambitsanso bolodi pakati pa masewero. Ikaikidwa chozondoka, imapsereza transistor yoyendetsa mitayo. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani waya mmodzi wa mita, ponyani makobidi 20. Ma credit owonjezera akatha, mwamupeza.

Mita yomweyi ndi mboni yabwino ikakhala yamoyo. Lembani nambala yake lero, ndipo pakatha masiku angapo muyerekeze ndi makobidi a m'bokosi. Makobidi akachuluka kuposa mita, swichi ikuphonya ndipo osewera akuberedwa. Mita ikaposa makobidi, swichi ikunjanja kapena pali wina akuba masewero, kaya ndi khobidi lomangidwa ku ulusi, kaya ndi kuthethetsa kamoto ka chiyatsiro cha gasi pa chitsulo cha chitseko. Pa kuba kwa kamotoku, lumikizani chitsulo cha chitseko ndi waya wa earth, ndipo muike capacitor ya 100 nF pakati pa waya wa coin ndi ground pafupi ndi bolodi. Capacitor yomweyo imathandizanso kumeza kunjanja pang'ono kwa swichi. Batani la service, la pa pini R, pa bolodi zambiri limapereka credit osasuntha mita, choncho muzilikumbukira powerengera, ndipo muliyese ngati silikugunda lokha.

Magetsi a 5V ayezeni pa bolodi penipeni, pa miyendo ya chip, osati pa power supply, chifukwa ena amatayika panjira. Ma chip a mtundu wa TTL, ofala pa bolodi zakale, amafuna pakati pa 4.75V ndi 5.25V, ndipo pabwino ndi 5.0 mpaka 5.1. Mapini a 5V, 3, 4, C ndi D, akaoneka odera ngati opserera, ndiye kuti akutentha chifukwa sakugwirana bwino. Apukuteni ndi chofufutira pensulo ndi isopropyl alcohol, ndipo ngati mano a connector afooka, isinthidwe. Kukweza magetsi pa power supply pofuna kubisa vutoli kumangowonjezera kupserera.

Zonsezi zikakhala bwino, patsala lamulo la makobidi lija. Pa bolodi zakale lili pa ma DIP switch, tiswichi ting'onoting'ono ta pa bolodipo, ndipo zambiri zimawawerenga poyaka pokha, ndiye mukasintha muzimitse n'kuyatsanso. DIP imene yakhala zaka osakhudzidwa imachita dzimbiri m'kati moti imaoneka ON koma bolodi n'kumaiona OFF. Isunthireni uku ndi uku kangapo. Bolodi zina zimasunga lamuloli mu memory yodalira batire: Defender ya Williams ya 1981 imagwiritsa mabatire atatu a AA, Neo Geo MVS ya 1990 ili ndi batire lotchajidwa la 3.6V, ndipo zambiri zatsopano zili ndi CR2032 ya 3V. Batire likafa, makina amaiwala zimene munawauza n'kubwerera ku za kufakitale nthawi iliyonse akazima. Batire lakale lotchajidwalo limathanso kudontha n'kudya tinjira ta kopa ta pa bolodi, ndiye mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamenepo, lichotseni lero lomwe. Chip yolandira ma input, kawirikawiri 74LS244 kapena 74LS245, muiganizire pomalizira penipeni.

Tibwere ku makina achiwiri. Hopper ndi mbale ya matokeni yokhala ndi mota yozungulitsa chimbale cha mabowo, ndipo potulukira pali sensa. Bolodi imayatsa mota, n'kumawerenga ma pulse a sensa, ikakwanitsa chiwerengero n'kuzimitsa. Ikadikira masekondi angapo osamva pulse, imaimitsa mota n'kulemba error. Apanso bolodi siiona tokeni, imakhulupirira sensa. Ndiye kulipira molakwika pafupifupi nthawi zonse ndi kuwerenga molakwika, osati kufooka kwa mota.

Chitani chonchi musanamasule bawuti iliyonse. Mu test menu lamulani hopper ilipire matokeni 10, muwerenge otuluka, ndipo mubwereze kakhumi mukulemba. Manambala amenewo ndiwo akuuzeni matenda. Akamatuluka 11, 14, 10, 13, mopitirira mosakhazikika, sensa ikuphonya ena. Akamatuluka 11 kapena 12 nthawi zonse, sensa ikuwerenga bwino koma mota ikuchedwa kuima, kaya buleki yake yatha, kaya relay yoiyendetsa ikumatirira. Akamatuluka 8, 9, 7, sensa ikuwerenga tokeni imodzi kawiri, kapena ikumva phokoso la magetsi la mota. Popeza anu akuchita zonse ziwiri, kuperewera ndi kupitirira, ndikuloza chala sensa yakuda kapena waya wake wokhwefuka amene akugwedezeka mota ikamazungulira.

Zulani pulagi ya hopper musanaike chala m'mbale, chifukwa chimbale chija chili ndi mphamvu yothyola chala. Khuthulani matokeni onse. Pansi pake mupeza fumbi lakuda lonyezimira, lopereseka ku matokeniwo, ndipo lomwelo ndi limene lamata pa sensa. Sensa ya kuwala imakhala ngati kafoloko ka mano awiri: dzino lina limatulutsa kuwala kwa infrared, lina limakulandira, tokeni n'kumadutsa pakati. Pukutani tigalasi take tiwiri ndi thonje lonyowetsa mu isopropyl alcohol mpaka thonje lituluke loyera. Kenaka bwezerani magetsi, ikani multimeter pa waya wa sensa, lowetsani kakatoni pakati pa manowo n'kukatulutsa. Nambala izilumpha kuchoka pafupi ndi 0V kufika pamwamba, n'kubwerera, mopanda kuzengereza pakati. Ikamangosuntha pang'ono ngakhale mwatsuka, LED yake yakalamba ndipo kuwala kwachepa, ndiye kabolodi ka sensa kokhako ndi kamene kasinthidwe. Hopper zokhala ndi swichi ya kamkono kagudumu zimadwala matenda omwe aja a swichi ya coin, ndipo mankhwala ake ndi omwewo.

Pa phokoso la mota, siyanitsani waya wa sensa ndi mawaya a mota, asayendere mu mtolo umodzi, ndipo muike capacitor ya 100 nF pa miyendo iwiri ya mota ngati ndi ya DC.

Hopper error mbale ili yodzaza ili ndi zifukwa zochepa. Tokeni yopindika, khobidi lachilendo kapena kabawuti kakakamira pansi pa chimbale. Matokeni aunjikana ngati mlatho pamwamba, chimbale n'kumazungulira chopanda kanthu pansi, zimene zimachitika kwambiri mbale ikadzazidwa mopitirira kapena matokeni akamata ndi zakumwa zotayikira. Matokeni atsopano ndi osiyana kukula kapena kuchindikala ndi amene chimbalecho chinapangidwira, moti awiri amalowa m'bowo limodzi n'kupanikizana. Kapena magetsi akugwa. Hopper zambiri ndi za 24V, zina za 12V, ndipo muyeze mota ikuzungulira mbale ili yodzaza, chifukwa power supply yofooka imaonetsa nambala yabwino ikakhala yopanda katundu. Ngati hopper ndi mech yamagetsi zikudyera pa 12V imodzi, kugwa kumeneku kumazimitsanso mech kwa kamphindi, makobidi n'kumabwezedwa nthawi imene hopper ikulipira. Makina akamanena kuti hopper yatha pamene matokeni alimo, pukutani timbale tiwiri tachitsulo ta m'kati mwa mbale. Matokeni ndi amene amatilumikiza, ndipo tikachita litsiro bolodi imaganiza kuti mulibe kanthu.

Hopper yatsopano muigule pokhapokha mutaona ndi maso anu mano a magiya atathothoka, mabowo a chimbale atakula moti tokeni ikugwedera m'menemo, kapena mota ikununkha kupsa ndipo siikuzungulira ngakhale mutaipatsa magetsi ake mwachindunji mbale ili yopanda kanthu. Ngakhale pamenepo, funsani kaye ngati chimbale, magiya kapena mota zikugulitsidwa pazokha, ndipo potenga chimbale muyeze tokeni yanu m'mimba mwake ndi kuchindikala kwake mu mamilimita, chifukwa chimbale chilichonse chili ndi malire ake. Mukamaliza kukonza, bwerezani mayeso aja a 10 kakhumi. Matokeni 100 atuluke 100, ndipo pa makina oyambawo makobidi 20 apereke ma credit 20 chitseko chili chotseka, chifukwa waya woduka m'kati uja amatha kugwira bwino chitseko chikakhala chotsegula.